Mchere Suuluka

Nyanja yamchere ndidayamba kuiona ili m'bokosi. Mudali mu Julaye 2023, pa tchuthi, nditayenda masiku awiri pa basi kuchokera ku Blantyre kudzera ku Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, kenaka nkukwera ina pa Park Station ku Johannesburg mpaka ku Durban. Ndidafika kutada. Nyanja yeniyeniyo idali pafupi, fungo lake limamveka, koma amalume adati imeneyo siithawa, tikaiona mawa. Adandilowetsa pa khomo la kukhitchini m'nyumba ya abwana awo, adandivulitsa nsapato, nkundiimika pa khomo la chipinda chochezera. Nyale zonse zidali zozima kupatula ya pamwamba pa thanki yagalasi, yotalika ngati benchi la m'kalasi. M'menemo mudali kuwala kobiriwira ngati thambo la madzulo, miyala yooneka ngati yaphuka maluwa, ndi tinsomba tamawangamawanga tikuyendayenda mosatekeseka.

"Mphwanga, ofesi yanga ndi imeneyi," adatero monong'ona.

Amalumewa ndi achimwene awo a mayi anga. Sukulu adalekera Sitandade 6. Adapita ku Joni mu 2010 ndipo pa nyumba imeneyi adalembedwa ntchito yosamalira maluwa. Monga zikhalira, ntchito idabereka zinzake: kutsuka galimoto, kudyetsa agalu, kenaka thanki. Malipiro okha ndiwo sadabereke. Komabe lendi ya kachipinda kanga ku Chikanda, ufa, makala ndi mapepala onse amene ndimajambulitsa kuno ku Zomba, zimachokera m'thumba mwawo. Ndanena izi poyamba kuti mudziwe chimene chidali m'madzi amene ndidaseweretsa aja.

Ine panthawiyo ndinkadziona ngati munthu wodziwa. Ndidali nditatha chaka chachiwiri cha Biology, ndipo mayeso a zamoyo za m'madzi ndidakhoza bwino. Tsono m'mawa mwake, amalume atatsegula kabati ya pansi pa thanki nkuyamba kundionetsa mapampu, hita, ndi chibotolo china chimene chimatulutsa thovu lakuda ngati la mowa wowira, ine ndinkangogwedeza mutu ngati nduna yoyendera chitukuko. Iwo ankati "timaluwa iti", ine nkuwakonza kuti si maluwa koma korali, ndipo korali ndi nyama. Iwo ankati "timaluwati timadya nyale", ine nkuseka.

Chikhalirecho amalume sadalakwe kwenikweni. Korali ndi tinyama ting'onoting'ono tokhala pamodzi, tambiri timamanga chigoba cha laimu, ndipo m'minofu mwake mumakhala ndere zosaoneka ndi maso zotchedwa zooxanthellae. Nderezo zimaphika chakudya ndi kuwala monga achitira masamba a chimanga, ndipo gawo lalikulu la chakudya cha korali limachokera kwa alendo ake amenewa. Nchifukwa chake korali womanga matanthwe amapezeka m'madzi osaya, oyera, ofunda. Nyale ya pa thanki si yokongoletsa chipinda ayi, ndi dzuwa la m'mudzi umenewo. Kubiriwira kwake nakonso kuli ndi chifukwa: madzi a m'nyanja amameza kuwala kofiira m'mamita ochepa oyamba, koma kobiriwira ngati thambo kumatsika kutali, ndipo nkumene nderezo zidazolowera. Abwana adaika nyale zawo za LED pa 60 peresenti, kuyaka maola 9 pa tsiku. Zonsezi ine ndinkazidziwa ndi maina ake achilatini. Amalume ankadziwa kuti kakorali ka pakona kakapanda kutambasuka pofika 10 koloko, ndiye kuti china chake chavuta.

Thankiyo idali ya malita 400. Madzi ake sankatunga ku nyanja, ngakhale nyanja idali poyenda ndi miyendo. Ankasefa madzi a pa mpope ndi makina mpaka atsale opanda kanthu kalikonse, kenaka nkusungunulamo mchere wogula mu ndowa, magalamu ngati 35 pa lita iliyonse, monga ulili m'nyanja. M'galaja mudali madramu awiri. La kumanzere lidali la madzi osefa opanda mchere. La kumanja lidali la madzi osakaniza kale, osinthira gawo limodzi mwa magawo khumi a thanki pa milungu iwiri iliyonse. Kutentha kwa madzi kumayenera kukhala pa madigiri 25, osayendayenda. Apa mpamene padali nkhondo, chifukwa 2023 chidali chaka chimene magetsi adazimazima koposa ku South Africa, maola awiri nthawi imodzi, masiku ena kangapo, ndipo Julaye kumeneko ndi mwezi wachisanu. Batire la inveta silikadatha kunyamula zonse. Amalume adalipatsa mapampu okha, chifukwa madzi akaima, mpweya umatha ndipo nsomba zimayamba kufa kuzizira kusadafike nkomwe. Magetsi akazima usiku ankadzuka, nkufunditsa thanki bulangete, nkuyandamitsamo mabotolo a madzi ofunda otenthetsa pa gasi. Bulangetelo lidali lawo lomwe, la pa bedi pawo.

Nsomba zidalimo zisanu ndi ziwiri. Ziwiri zidali za mtundu wa clownfish, zofiirira za mizere yoyera, zimene ana adazidziwira mu filimu ya Finding Nemo ya 2003. Amalume ankazitcha bambo ndi mayi, koma adasokoneza: yaikuluyo, imene ankati bambo, ndiyo idali yaikazi. Mwa nsomba zimenezi wamkulu pa banja amakhala mkazi, ndipo akafa, mwamuna amasanduka mkazi nkutenga mpando. Nditawafotokozera, adaganiza pang'ono nkunena kuti nkosadabwitsa, kwathu kuchikamwini nkomwe zidaphunzira. Yachisanu ndi chiwiri idali yachilendo, blue tang, yobiriwira kwambiri ya mchira wachikasu. Abwana adaigula kutatsala tsiku limodzi kuti anyamuke ulendo wa milungu inayi wa ku London, ndipo adangoikhuthulira m'thanki. Amalume adayesa kunena kuti nsomba yatsopano imayamba yakhala payokha milungu ingapo kuti aione ngati ili ndi matenda. Adayankhidwa kuti kusitolo adaiona kale.

Kusitolo komweko tidapitako kukagula mchere, ndipo ndidakumanako ndi abale. Khoma lonse la kumbuyo lidali la mathanki olembedwa kuti Malawi, odzaza mbuna, tinsomba ta m'miyala ya ku Cape Maclear ndi ku Likoma timene asodzi kwathu satiwerengera nkomwe. Wogulitsa atamva kumene tikuchokera adatiuza kuti za ku Malawi ndi zimene amapatsa ongoyamba kumene, chifukwa zimapirira, sizifa msanga ngakhale mwini wake azizunze. Amalume adandigwira pa phewa nati, "Wamva? Zidatengera eni ake."

Patatha masiku asanu abwana atachoka, pa zipsepse za blue tang padaoneka timadontho toyera ngati mchere wowazidwa, ndipo nsombayo idayamba kudzikhula pa miyala. Amalume adaiyang'ana nthawi yaitali osalankhula. Koma mawa lake lomwelo chimfine chidawagwetsa, cha malungo ndi chifuwa, moti ngakhale kupita kubafa ankachita kugwira khoma. Ufumu udagwera ine. Ali chigonere adandipatsa malamulo atatu: kudyetsa pang'ono kawiri pa tsiku, kusakhudza nyale, ndipo madzi akatsika pa mzere umene adalemba pa galasi la m'kabati, kuthiramo a mu dramu la kumanzere.

La kumanzere! Ndidaima m'galaja muja nkumaganiza. Thanki ya madzi amchere, nsomba za madzi amchere, ndiye ndithiremo madzi ozizira opanda mchere? Ndidatsimikiza kuti malungo awasokoneza mkono. Kubwerera kukafunsa kudali masitepe makumi awiri okha, koma ndidaona kuti nkuvutitsa wodwala, komanso, kunena zoona, wa chaka chachiwiri safunsa wa Sitandade 6 za mchere. Ndidatunga la kumanja, malita asanu, ndipo ndidachita chimodzimodzi masiku asanu otsatizana.

Aphunzitsi anga a Chemistry andikhululukire, poti mlanduwu si wawo. Madzi akamauma amakwera okha ngati nthunzi, mchere umatsala. Mwana aliyense amene adapsereza ndiwo amadziwa zimenezi. Ife a ku Zomba tili ndi chitsanzo pakhomo penipeni: nyanja ya Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, nchifukwa chake ikamaphwa, monga idachitira mu 1968 ndi 1995, madzi otsalawo amanka nawawa mchere. Funso limeneli likadabwera pa mayeso ndikadalemba tsamba lathunthu. Litabwera ngati madramu awiri m'galaja, ndidalephera.

Pa nyale ndiye ndidachita kukhala pansi ndi pensulo. Kawotchi koyatsira nyale kadali ka mtundu wozungulira, koima magetsi akazima, moti tsiku ndi tsiku kamatsalira m'mbuyo, ndipo amalume ankakakonza ndi dzanja m'mawa uliwonse. Ine ndidawerengera maola onse a kuwala amene korali adamanidwa chiyambire mwezi, ndidapeza ngongole yaikulu, ndipo ndidaganiza zoibweza. Ndidakweza nyale kufika pa 100 peresenti, maola 14. Thanki idawala zedi. Ndidaijambula nkutumizira anzanga kuno, ena mwa inu muli nacho chithunzicho. Ndipo tsiku lachitatu la ulamuliro wanga timadontho ta pa blue tang tidatha tonse. Ndidakawauza amalume kuti nsomba yawo ndaichiza. Adatsegula diso limodzi nati, "Tapita kukaitana anzake."

Tsiku limene adadzuka, adalowa m'chipinda chochezera atafunda chikhoto, naima. Sadayang'ane nsomba. Adayang'ana korali wa nthambi amene adali pamwamba penipeni, pafupi ndi nyale, mtundu wa Acropora, amene abwana ankamunyadira koposa. Masiku onsewa ine ndinkaona ngati akuwala bwino. Iwo adaona kuti watuwa. Nsonga zake zidali mbee ngati fupa. Kenaka adatenga kachipangizo koyezera mchere, refractometer, nadonthezapo madzi, nasuzumira. Adandipatsa kuti ndione ndekha. Mzere udali pa 37.

"Dramu liti?"

"La kumanja, amalume."

"Nanga nyale?"

Ndidayamba kufotokoza za ngongole ya kuwala. Adandimvetsera mpaka kumapeto, ndipo ndikadakonda akadandikalipira. Adangoti, "Munthu amene wagona ndi njala masiku atatu sumudyetsa mphika wonse. Nyanja sikonda kudzidzimutsidwa, mphwanga."

Chimene chidachitika kwa korali uja chili ndi dzina m'mabuku athu. Kuwala kukachuluka modzidzimutsa, kapena madzi akatentha kupyola muyezo kwa milungu ingapo, ndere zija zimayamba kutulutsa zinthu zowononga minofu ya mwini nyumba, ndipo korali amazilavula. Mtundu wake umapita nazo limodzi, nkutsala minofu yoonekera mkati ndi chigoba choyera. Sanafe, koma ali pa njala, ndipo zinthu zikapanda kusintha amafa ndithu. Zimenezi zidachitika m'nyanja zambiri za dziko lapansi mu 1998, ku Great Barrier Reef mu 2016, ndipo mu Epulo 2024 akatswiri adalengeza kuti zachitikanso pa dziko lonse kachinayi. Kumeneko chimayambitsa ndi kutentha kwa nyanja. Ine ndidazichita ndekha, ndi chala chimodzi, m'masiku asanu.

Dzanja langa lidathamangira kuti litsitse nyale nthawi yomweyo ndi kuthira ndowa zingapo za madzi opanda mchere. Amalume adaligwira. Nyale adaibweza pa 60 ndi maola 9, nasunthira korali wodwalayo pansi, pa mthunzi wa mwala. Koma mchere adautsitsa pang'onopang'ono masiku anayi, kapu ndi kapu, akuyeza m'mawa ndi madzulo. Kukonza mothamanga, adatero, nkulakwitsa kachiwiri.

Anzake a timadontho aja adafikadi. M'mawa wina blue tang idadzuka ngati yagubuduzika mu ufa, ikupuma mofulumira, itaima pa kamwa pa pampu pamene madzi amathamanga. Nsomba zina zitatu zidalinso ndi madontho. Usiku umenewo ndidawerenga pa foni zimene ndikadayenera kuwerenga sabata yathayo. Matendawa amayamba ndi kachilombo kotchedwa Cryptocaryon irritans. Kamakhala m'khungu la nsomba masiku atatu mpaka asanu ndi awiri kakudya, kenaka kamagwa, nkukamatirira pa mchenga kapena pa mwala, nkudzitsekera m'chikwa momwe kamagawikana kukhala tambirimbiri. Tikatuluka timasambira kufuna nsomba. M'nyanja yaikulu tambiri timafa tisadaipeze. M'bokosi la malita 400 nsomba ilibe kothawira. Tsiku limene ndinkavina kuti ndachiza lidali tsiku limene tizilomboto tidatsika kukaswana.

Ndidawerenganso kuti mankhwala ake ndi a kopa, ndipo m'mawa ndidathamangira kusitolo ndi ndalama zanga za ulendo wobwerera. Ndidafika ndi botolo, ndidatsegula chivundikiro cha thanki, ndipo kachitatu amalume adandigwira dzanja, ulendo uno mwamphamvu. Kopa amapha kachilomboko chifukwa amapha tamoyo tonse topanda msana. Korali, nkhono, tinkhanu, zonse zikadatha pofika mawa, ndipo miyala ikadamwa mankhwalawo nkumawalavula miyezi yambiri. Ndime imeneyo idalipo pa foni paja, m'munsi pang'ono. Ndidali ndisadafikepo.

Chipatala tidachimanga m'chipinda cha amalume kuseri kwa galaja, m'chibeseni chachikulu cha pulasitiki, ndi hita yakale, kapampu ka mpweya, ndi zidutswa za mapaipi zoti nsomba zizibisalamo. Kugwira nsomba zisanu ndi ziwiri m'thanki yodzaza miyala osathyola korali ndi ntchito imene sindiifunira mdani. Tidayamba 9 koloko usiku, tidamaliza cha m'ma 2, titanyowa mpaka m'khwapa. Zonse zidayenera kutuluka, zodwala ndi zooneka zamoyo zomwe, chifukwa thanki imayenera kukhala yopanda nsomba milungu khumi kapena kuposerapo, kuti tizilombo tonse tobisala titulukire pa njala nkufa. Mankhwala ankayezedwa tsiku lililonse, poti akachepa sapha kachilombo, akachuluka amapha nsomba. Bedi la amalume lidasunthidwira ku khoma, ine ndinkagona pansi mutu uli pafupi ndi beseni, ndipo magetsi akazima tonse tinkadzuka.

Blue tang idafa usiku wachitatu. Ndidaipeza itagona cham'mbali kuseri kwa paipi, mtundu wake utazilala. Amalume adaikulunga m'pepala la pulasitiki nkuiika mufiriji, kuti abwana adzaone ndi maso awo kuti sidagulitsidwe. Zimenezo ine sindikadaziganiza, ndipo zidandiuza zambiri za zaka khumi ndi zitatu zimene akhala kumeneko kuposa nkhani zonse zimene amatiuza pa Khirisimasi.

Ndakhala ndikudzifunsa kuti adaipha ndani. Kachilombo kadabwera ndi nsombayo kuchokera kusitolo, ndipo amene adakana kuipatula si ine. Blue tang imadziwikanso kuti imagwidwa msanga ndi matendawa. Koma nsomba ya m'nyanja imakhalira kumwa madzi ndi kutulutsa mchere kuti thupi lake lisaume, ndipo ine ndidaionjezera ntchito imeneyo tsiku ndi tsiku pamene inkalimbana ndi matenda, pansi pa dzuwa la maola 14 losapatsa mpumulo. Komanso masiku asanu amene tikadamanga chipatala ndidawatha ndikujambula zithunzi. Loya wabwino akhoza kundipulumutsa. Ine ndekha sindidzipulumutsa.

Usiku woti abwana afika mawa ndidawauza amalume kuti ndikaulula ndekha za dramu ndi nyale. Adakana. Adati pa nyumbayo ine ndidali mlendo wongololedwa mwa chifundo, ndipo zikamveka kuti adasiyira thanki mwana wa mlongo wawo, mlandu ukula m'malo mochepa. "Iwe upita Lachisanu. Ine nditsala." Choncho ndidaima kuseri kwa chitseko cha kukhitchini, wophunzira wa pa yunivesite, ndikumva munthu wa zaka makumi asanu akunena kuti pepani bwana, ndidadwala, ndidalakwitsa. Abwana sadakuwe. Adayang'ana thanki yopanda nsomba, adayang'ana ya mufiriji, adapita kukaona chipatala, ndipo kumeneko adakhala chete kanthawi, chifukwa zisanu ndi imodzi zidali zamoyo ndipo zinkadya. Adati beseni lidali nzeru yabwino. Kenaka adati mtengo wa blue tang ndi theka la mtengo wa korali adzadula pa malipiro, miyezi itatu. Za kupatula nsomba yatsopano sadazitchule, ndipo amalume sadawakumbutse.

Nyanja yeniyeni ndidaiona Lachinayi, tsiku limodzi lokha. Tidakhala pa mchenga pafupi ndi uShaka Marine World, osalowa, poti ndalama zidapita ku botolo la kopa ndipo tikiti yanga adachita kugula amalume. Madzi adali otuwa, aphokoso, opanda kanthu kooneka. Adandiuza kuti korali weniweni ali kumpoto, ku Sodwana Bay, kumene abwana amapita kukamira, ndipo iwo adafikako kamodzi kukayang'anira katundu pa gombe.

Teremu yotsatirayo ndalama yochokera ku Durban idabwera yoperewera miyezi itatu. Anzanga a ku Chikanda mukukumbukira nthawi imene ndinkadya kamodzi pa tsiku nkumati ndikusala. Amayi sadauzidwe chifukwa chake, ndipo magazini ino siifika kumudzi.

Mu Novembala amalume adatumiza chithunzi pa WhatsApp, chopanda mau. Nsomba zisanu ndi imodzi zidali zitabwerera m'thanki. Korali uja adali pansi pomwe adamuika, ndipo kuyambira pa tsinde mpaka pakati mtundu wake wa khofi udabwerera. Nthambi zitatu za pamwamba zidafa, zidamera ndere zobiriwira ngati za pa chitsime. Pa kona ya chithunzicho, pa chitseko cholowera ku galaja, padaoneka dramu la kumanzere. Adalilemba ndi penti yofiira, zilembo zikuluzikulu, m'Chichewa, chinenero chimene pa nyumba yonseyo amawerenga iwo okha: ILI.